ZA MAKINA: Kabowo ka USB Kakayamba Kunyanyala

Nkhani yathu sabata ino ndi ya kompyuta, makamaka ija imene munthu amadzilumikizira yekha atagula ziwalo zake cimodzicimodzi. Makina otere afika kale kumidzi. Pamisika ya ku Katete, Petauke, Lundazi ndi malo ena otere mudzapeza acinyamata amene anagula bokosi kwina, ziwalo zamkati kwina, nalumikiza zonse ndi manja ao, ndipo lero akudyera pomwepo. Amatayipira anthu makalata, amasindikiza mapepala a kusukulu, ndiponso amaikira anthu nyimbo m'mafulashi. Ngakhale inu amene simunaikhudzepo kompyuta nkhaniyi ikukukhudzani, pakuti kapena mwana wanu ndiye mwini wa makinawo, kapena kaundula wa kilabu yanu ya alimi amasungidwa mmenemo.

Mwa madandaulo onse a eni makinawa, limene limamveka kawirikawiri ndi la timabowo ta USB, timene amisiri amaticha mapoti. Lero kabowo kagwira nchito bwino, mawa kakana. Fulashi imaoneka kenaka nkuzimirira nchito ili pakati. Pulinta imaima pepala lisanathe, ndipo mausi amauma kwa kamphindi nkuyambanso kuyenda. Mwini makina akatopa amaganiza kuti motherboard, ija mbale yaikulu imene ziwalo zonse zimalumikizidwapo, yafa. Tsono amakwera basi kunka ku Chipata kapena ku Lusaka kukagula ina, ndalama ya banja nkuthera pamenepo. Kawirikawiri colakwa cimakhala caching'ono, cimene munthu akanatha kucipeza ali pakhomo pake akanafufuza mwadongosolo. Dongosololo ndi ili: yambirani kunja kulowa mkati, ndipo muzisintha cinthu cimodzi cokha panthawi imodzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Mmene kabowoka kamagwirira nchito

Mau akuti USB ndi cidule ca Universal Serial Bus. Njira imeneyi inalengezedwa m'caka ca 1996, makampani asanu ndi awiri, mwa iwo Intel, Microsoft ndi IBM, atagwirizana kuti zipangizo zosiyanasiyana zizilowa pa kabowo ka mtundu umodzi. Mu 2000 munabwera USB 2.0, ndipo mu 2008 munabwera USB 3.0, imene imathamanga kuposa inzakeyo pafupifupi kakhumi. Kabowo ka USB 3.0 kamadziwika ndi lilime lake lamkati, limene nthawi zambiri limakhala lobiriwira ngati thambo, pamene la USB 2.0 limakhala lakuda kapena loyera.

M'kabowo ka USB 2.0 muli timano tinai tacitsulo. Tiwiri ta m'mbali timapereka magetsi a mavoti 5, ndipo tiwiri tapakati timanyamula uthenga pakati pa kompyuta ndi cipangizo. Motero kabowo kamodzi kali ndi nchito ziwiri, kudyetsa cipangizo magetsi ndi kulankhula naco. Nchito imodzi ingathe kufa inzake ili moyo. Ndico cifukwa cake foni imatha kuchaja pa kabowo kena koma kompyuta osaiona, ndipo munthu wodziwa zimenezi amayamba wadzifunsa kuti kodi cafa ndi magetsi kapena ndi uthenga.

Yambani ndi zakunja

Musanagwire sikuludiraiva, tengani cipangizo cimene cikuvutaco mucilowetse pa kabowo kena. Cikakana pa mabowo onse, kaciyeseni pa kompyuta ya mnzanu. Cikakananso kumeneko, ndiye kuti kompyuta yanu ilibe mlandu. Kenaka tengani cipangizo cina cimene mukudziwa kuti ncabwino, monga mausi, mucilowetse pa kabowo kamene mukukakayikira. Lembani papepala zimene mwapeza pa kabowo kalikonse, pakuti mutu umaiwala msanga mabowo akakhala asanu ndi limodzi kapena kuposerapo.

Caciwiri ndi cingwe. Timawaya ta mkati mwa cingwe ca USB ntating'ono kwambiri, ndipo timaduka pafupi ndi mutu pamene cingwe cimapindika tsiku ndi tsiku, khungu lakunja likuoneka labwinobwino. Gwedezani cingwe pang'onopang'ono cipangizo cili pa nchito. Cikaduka ndi kubwerera, mwacipeza colakwa. Dziwaninso kuti zingwe zina zochipa zimapangidwira kuchaja kokha, ndipo mulibe mawaya a uthenga mkati mwake. Kutalika nako kuli ndi malire. Cingwe ca USB 2.0 sicifunika kupitirira mamita 5, ndipo ca USB 3.0 cimayenda bwino cikakhala ca mamita 3 kapena kuceperapo. Kulumikiza zingwe ziwiri kapena zitatu kuti zifike pa tebulo lakutali kumafooketsa magetsi ndi uthenga womwe.

Cacitatu, yerekezani mabowo akutsogolo ndi akumbuyo. Mabowo a kumbuyo kwa bokosi anawotcherera pa motherboard penipeni kufakitale, koma akutsogolo amafika ku motherboard kudzera m'kacingwe kamene wolumikiza kompyuta anakalowetsa yekha. Akumbuyo akamagwira nchito bwino pamene akutsogolo akuvuta, motherboard yanu ili moyo, ndipo vuto lili pa kacingwe kaja kapena pa kambale kakutsogolo.

Suzumirani m'kabowo

Tsono zimitsani kompyuta ndi kuzula pulagi pakhoma. Kuzula pulagi nkofunika cifukwa makompyuta ambiri amasiya mavoti 5 m'mabowo ena ngakhale atazimitsidwa. Mutazula, dinikizani batani loyatsira kwa masekondi 30 kuti magetsi otsalira athe. Nthawi zina kucita zimenezi kokha kumautsa kabowo kamene kanakomoka, popeza kumacititsa kuti ziwalo zoyang'anira mabowo ziyambirenso mwatsopano.

Unikani m'kabowo ndi toci. M'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala fumbi limalowa paliponse, ndipo m'nyengo ya dzinja cinyezi cimalisandutsa litsiro lomata limene limaphimba timano. Tizilombo natonso timakonda kumanga m'malo otere. Cotsani litsirolo ndi kaburashi kouma kapena kamtengo kotokosera m'mano. Singano, phini ndi waya musazilowetsemo, ndipo madzi asayandikire.

Yang'anitsitsani lilime lapulasitiki limene timano timagonapo. Likathyoka, timano timapindika nkukhudzana tokhatokha kapena kukhudza citsulo ca m'mbali. Kamano ka magetsi kakakhudza citsulo, motherboard imadziteteza mwa kudula magetsi, ndipo popeza mabowo awiri kapena angapo amadyera pa fyuzi imodzi, kabowo kamodzi kothyoka kamagwetsa anzake. Windows imaonetsa uthenga wokhala ndi mau akuti "Power surge", ndipo makina ena polira amalemba kuti "USB Device Over Current Status Detected" nkudzizimitsa okha. Mukaona mau amenewa funani kabowo kothyoka. Timano tikawongoledwa ndi kamtengo kuti tisakhudzane, matani kabowoko ndi tepi kuti wina asalowetsemonso kanthu.

Pali colakwa cinanso cimene cimapezeka pa makompyuta olumikizidwa kunyumba. Kumbuyo kwa bokosi kumakhala kacitsulo kopyapyala kokhala ndi mazenera, kamene mabowo a motherboard amasuzumirapo. Kacitsuloka kali ndi timalilime timene timayenera kugona pamwamba pa mabowo, kunja kwake. Wolumikiza akafulumira, kalilime kamodzi kamapindikira mkati mwa kabowo nkumakhudza timano. Mukakaona kotero, masulani motherboard, muibweze m'mbuyo pang'ono, muwongole kalilimeko ndi kuibwezera.

Kabowo nako kamakalamba. Kabowo wamba kakakulu kanapangidwa kuti kapirire kulowetsa ndi kuzula pafupifupi ka 1,500. Pa kantemba pamene pamalowa mafulashi makumi awiri patsiku, ciwerengero cimeneci cimakwana miyezi itatu isanathe. Nzeru yake ndi kulowetsa kacingwe kakafupi koonjezera pa kabowo kakumbuyo, kuti mafulashi a anthu azilowa pa kacingweko. Kakatha mumagula kena, motherboard ili yosungika.

Magetsi ali ndi muyeso

Kabowo ka USB 2.0 kanapangidwa kuti kapereke mamiliampu 500, ndiye kuti theka la ampu, ndipo ka USB 3.0 kamapereka 900. Kiyibodi ndi mausi zimadya pang'ono. Koma hard disk yakunja imafuna magetsi ambiri pamene iyamba kuzungulira, ndipo ikaperewedwa imalira kuti tiki tiki nkuzimirira. Foni yochaja nayo imakoka monga mmene kabowo kangalolere.

Ambiri amagula hub, kabokosi kogawa kabowo kamodzi kukhala anai, naikapo pulinta, fulashi, foni ndi hard disk pamodzi. Hub yopanda pulagi yakeyake siionjezera magetsi. Imangogawa omwe aja a kabowo kamodzi, monga nsima ya munthu mmodzi ikagawidwa kwa anai. Cipangizo ciliconse cimaperewedwa, ndipo zimayamba kuzima mosinthana. Ngati zipangizo zanu nzambiri, gulani hub yokhala ndi adaputa yake yolowa pakhoma. Mafoni a anthu muziwachajira pa chaja, kompyuta isasanduke malo ochajira mudzi wonse.

Gwero la magetsi onsewa ndi power supply, kabokosi kacitsulo kamene kamalandira mavoti 230 a pakhoma ndi kuwatsitsa kukhala 12, 5 ndi 3.3. Polumikiza kompyuta anthu ambiri amaononga ndalama pa ziwalo zina, nagula power supply yochipa kapena yakale. Yoteroyo ikatopa, mavoti 5 aja amatsika makina akalemedwa. Zizindikiro zake ndi zakuti mabowo onse amavuta nthawi imodzi, ndipo nthawi zina kompyuta imadzizimitsa ndi kudziyatsa yokha. Amene ali ndi mita yoyezera magetsi angathe kuyesa motere: tengani cingwe cakale ca USB, muciduleko, musende waya wofiira ndi wakuda, ndipo muonetsetse kuti sakukhudzana. Lowetsani cingweco pa kabowo ndi kuyeza pakati pa mawaya awiriwo. Mita iyenera kuonetsa pafupifupi mavoti 5. Ikaonetsa pansi pa 4.75, kayikirani power supply, ndipo mubwereke ina yabwino kuti muyesere musanagule.

Power supply yeniyeniyo musaitsegule ngakhale mutazula pulagi. Mkati mwake muli ziwalo zimene zimasunga magetsi okwanira kupha munthu.

Magetsi olowa m'nyumba nawo ali ndi mbali yao. M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri, ndipo mabanja ndi mabizinesi ambiri anatembenukira ku sola ndi majenereta. Jenereta yaing'ono kapena invata yosakwana mphamvu imapereka magetsi okwera ndi kutsika, ndipo magetsi obwerera mwadzidzidzi atazima amatha kuononga ziwalo. Zulani pulagi magetsi akazima ndiponso kukamacita ziphaliwali. Ngati bokosi la kompyuta limakulumani pang'ono mukalikhudza, ndiye kuti waya wa ethi sunalumikizidwe bwino. Itanani mmisiri wa magetsi, pakuti zimenezi zimaononga mabowo ndiponso zimaika moyo pangozi.

Kutsegula bokosi

Zakunja zonse zikaoneka zabwino, nthawi yakwana yotsegula bokosi. Pulagi ikhale yozula. Gwirani citsulo ca bokosi ndi dzanja musanakhudze ciwalo ciliconse, kuti timagetsi ta m'thupi mwanu, tija timathetheka pa bulangete usiku, tithere pamenepo.

Tsatirani kacingwe kocokera ku mabowo akutsogolo mpaka pamene kalowa pa motherboard. Polowera pa USB 2.0 pali timano 9 m'mizere iwiri, malo a kamano kakhumi ali opanda kanthu, ndipo pulagi yake ili ndi kabowo kamodzi kotseka kuti isalowe mozondoka. Pa USB 3.0 pali timano 19 tating'ono kwambiri, ndipo cingwe cake ncokhuthala ndi colimba, kotero kuti cimakoka pulagi pang'onopang'ono mpaka imakhala yolowa theka. Zulani pulagi molunjika, muone ngati pali kamano kopindika, ndipo muibwezere mpaka ikhale pansi. Cingweco mucimange kuti cisakokenso.

Werengani zilembo zimene zili pa motherboard pambali pa polowera paliponse. Pa USB pamalembedwa mau monga USB, F_USB kapena JUSB. Polowera pa zomvera mau palinso timano 9, koma malo opanda kamano ali pena, ndipo munthu wokakamiza amatha kupinda timano. Coopsa koposa cili pa motherboard zakale zokhala ndi polowera polembedwa 1394. Pamenepa pamafanana kwambiri ndi pa USB koma pamatuluka mavoti 12. Cingwe ca USB cikalowa pamenepo, fulashi iliyonse yoikidwa kutsogolo imapsa pamodzi ndi zonse zimene zinali mmenemo.

Mabokosi ena akale ali ndi timawaya tolekanalekana m'malo mwa pulagi imodzi. Mndandanda wake pamzere uliwonse ndi uwu: wofiira wa magetsi, woyera, wobiriwira ngati msipu, ndi wakuda. Woyera ndi wobiriwira akasinthana, cipangizo cimayaka koma kompyuta siicizindikira. Wofiira ndi wakuda akasinthana, cipangizo cimapsa. Tsatirani buku la motherboard yanu, ndipo poyesa koyamba muikepo mausi akale, fulashi yokhala ndi makalata a anthu ikhale patali.

Onaninso timiyendo tamkuwa timene motherboard imakhalapo. Kamwendo kalikonse kayenera kukhala pansi pa bowo la sikulu. Kamwendo kotsalira pamalo olakwika, kapena sikulu yogwera kuseri, imakhudza mizere ya magetsi nkubweretsa matenda obwera ndi kupita. Pomaliza yang'anani timigolo ting'onoting'ono toimirira pa motherboard, tochedwa makapasita. Mitu yao iyenera kukhala yosalala. Yotupa kapena yotuluka dzimbiri ndi cizindikiro cakuti mbaleyo yakalamba ndipo ifunika mmisiri.

Vuto likakhala m'mapulogalamu

Pali njira yapafupi yodziwira ngati colakwa cili m'zitsulo kapena m'mapulogalamu. Lowetsani kiyibodi pa kabowo kokayikitsa, yatsani kompyuta, ndipo mudinize batani la Del kapena F2 kuti mulowe mu BIOS, pulogalamu yaing'ono imene imayamba Windows isanadzuke. Kiyibodi ikamagwira nchito bwino mmenemo koma nkumavuta Windows ikadzuka, kabowoko nkamoyo. Muli momwemo onani ngati mabowo ena sanatsekedwe. Kompyuta ikamaiwala tsiku ndi nthawi, kabatire kozungulira ka pa motherboard, ka nambala CR2032 ndi mavoti 3, katha, ndipo BIOS ingathe kumaiwalanso zimene munaiuza.

Windows ili ndi cizolowezi cogoneka mabowo pofuna kusunga magetsi, ndipo zipangizo zina zikagonekedwa sizidzukanso. Tsegulani Device Manager, mupite pa Universal Serial Bus controllers, ndipo pa USB Root Hub iliyonse mutsegule Properties ndi Power Management. Cotsani cizindikiro pa mau akuti "Allow the computer to turn off this device to save power". Kenaka mu Power Options funani "USB selective suspend setting" ndi kuitseka. Kompyuta ya patebulo ilibe batire lofunika kulisunga, kotero simutaya kanthu.

Mu Device Manager momwemo, kacizindikiro kacikasu pambali pa dzina kamasonyeza kuti driver, pulogalamu yothandiza Windows kulankhula ndi ciwalo, yasowa kapena yaonongeka. Icotseni ndi kuyatsanso kompyuta, ndipo Windows idzaibwezera. Amene akali ndi Windows 7 ya mu 2009 adziwe kuti inatuluka yopanda driver ya USB 3.0, kotero mabowo obiriwira aja sagwira nchito mpaka mutaika driver yocokera kwa opanga motherboard. Kuyambira pa Windows 8 ya mu 2012 driver imeneyi imabwera ili momwemo.

Mausi ndi kiyibodi zopanda cingwe zili ndi vuto laolao. Mu 2012 kampani ya Intel inafalitsa zofufuza zosonyeza kuti USB 3.0 imatulutsa phokoso la wailesi limene limasokoneza zipangizo zoyendera 2.4 GHz. Ngati mausi anu amadumphadumpha hard disk ikalowa pambali pake, samutsirani kolandirira kake pa kabowo ka USB 2.0, kapena mukatalikitse ndi kacingwe koonjezera.

Kabowo kakafadi

Mukayesa zonsezi nkupeza kuti mabowo ena afadi, motherboard simuyenera kuitaya. Kambale kakutsogolo kamagulidwa pakokha. Palinso khadi la mabowo a USB limene limalowa pa mpata wa PCI Express pa motherboard nkukupatsani mabowo atsopano kumbuyo, pamtengo wocepa kwambiri poyerekeza ndi motherboard yatsopano. Mukapita kwa mmisiri, nyamulani pepala lija munalembapo zimene munayesa. Lidzafupikitsa nchito yake, ndipo inunso mudzadziwa cimene mukulipirira.

Pamene kabowo kakali kuvuta, tetezani zolemba zanu. Fulashi ikaduka pakati pa kulemba, fayilo imaonongeka, ndipo nthawi zina kompyuta imayamba kupempha kuti fulashi yonse ifufutidwe. Ikatero musavomere msanga, yambani mwaiyesa pa makina ena. Makalata ofunika, monga kaundula wa alimi, zotsatira za mayeso ndi zithunzi za banja, azikhala m'malo awiri osiyana. Pozula fulashi muziyamba mwauza kompyuta podiniza Eject, ndipo muzikoka molunjika osagwedezera m'mbali.

Makolo amene ana anu ali ndi makina otere, asungireni tsamba lino. Mwana akabwera kudzapempha ndalama ya motherboard yatsopano, mufunseni ngati wayesa cingwe cina, ngati wayerekeza mabowo akutsogolo ndi akumbuyo, ndiponso ngati wasuzumira m'kabowo ndi toci. Amene muli ndi mafunso ena pa za makina, lemberani kwa Mkonzi, ndipo tidzayankha m'danga lomwe lino.